Vanila wogaya: wokwatitsa maluwa ndi wina, wodya phindu ndi wina

M'mabuku a kasitomu a pafupifupi maiko onse a pa dziko lapansi muli manambala awiri oyandikana amene ayenera kupatsa chidwi munthu aliyense wogwira ntchito m'boma, makamaka iye amene anapatsidwa udindo woyang'anira malonda a pakati pa maiko. Nambala yoyamba ndi 0905.10, ndipo imaimira vanila wathunthu, ndiye kuti zitheba zouma zosagaya. Nambala yachiwiri ndi 0905.20, ndipo imaimira vanila wosinja kapena wogaya. Kale mitundu iwiriyi inkalembedwa pa mzere umodzi, koma kuyambira m'chaka cha 2012 bungwe loona za kasitomu pa dziko lonse, limene likulu lake liri ku Brussels, linailekanitsa. Pa pepala kusiyana kwake ndi kochepa ndithu. Koma munthu akatsata bwino amene amagulitsa pa mzere woyamba ndi amene amagulitsa pa mzere wachiwiri, adzaona kumene thukuta la mlimi wa ku Madagascar limakathera.

Chilumba cha Madagascar, chimene chiri m'nyanja ya mchere kum'mawa kwa Mozambique, ndicho chimagulitsa gawo lalikulu koposa la vanila weniweni amene amadyedwa pa dziko lapansi, ndipo m'zaka zambiri gawo lake limafika pa magawo 7 kapena 8 mwa magawo 10 alionse. Vanila wochulukayo amachokera m'chigawo chimodzi cha kumpoto chakum'mawa chotchedwa SAVA, dzina limene linapangidwa ndi zilembo zoyamba za matauni anai: Sambava, Antalaha, Vohémar ndi Andapa. Kumeneko mabanja pafupifupi 80,000 a alimi ang'onoang'ono amadalira mbeu imeneyi pogula mpunga m'miyezi ya njala, polipirira ana sukulu ndi pofolera nyumba zao. M'zaka za 2017 ndi 2018 vanila yekha anabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a ndalama zonse zimene dzikolo linapeza pogulitsa katundu kunja. Motero iyi si nkhani ya zokometsera keke chabe iai. Ndi nkhani ya chuma cha mtundu wa mu Africa, umene umakhala pamodzi ndi Malawi m'mabungwe a SADC ndi COMESA.

Choyamba aliyense ayenera kumvetsa kuti ntchito ya vanila ndi yotani, pakuti munthu wosadziwa munda sangaweruze bwino za mtengo. Vanila ndi chomera choyanga cha m'banja la maluwa otchedwa orchid. Kwao kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu a mtundu wa Totonac ankamulima Azungu asanafike. Mlimi akabzala tsinde amadikira zaka 3 kuti aone duwa loyamba. Duwalo limatseguka m'mawa, dzuwa likapendeka layamba kufota, ndipo mawa lake latha. Ku Madagascar kulibe njuchi kapena tizilombo timene tingapereke mungu ku maluwa amenewa, kotero kuti duwa lirilonse liyenera kugwiridwa ndi dzanja la munthu. Munthuyo amatenga munga kapena kamtengo kosongoka, natukula kakhungu kamene kamalekanitsa mbali yaimuna ndi yaikazi ya duwalo, nakanikiza ndi chala. Anthu a pa zilumbazo amati kumeneko ndi kukwatitsa vanila. Wozolowera ntchitoyi amakwatitsa maluwa oposa 1,000 pa tsiku, koma akadwala malungo m'mawa umodzi, maluwa a tsiku limenelo apita.

Luso limeneli liri ndi mbiri yake yomvetsa chisoni. Katswiri wina wa ku Belgium, Charles Morren, anali atayesa kale njira yake m'nyumba yolereramo maluwa ku Liège, koma njira yofulumira imene alimi akugwiritsa ntchito mpaka lero inatulukiridwa m'chaka cha 1841 ndi mnyamata wa zaka 12 dzina lake Edmond Albius, amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion. Atsamunda eni minda analemera nayo njirayo, ndipo kuchokera ku Réunion inafika ku Madagascar ndi ku zilumba za Comoros. Albius anamasulidwa pamodzi ndi akapolo anzake m'chaka cha 1848, namwalira ali mmphawi m'chaka cha 1880.

Zitheba zimakhwima patapita miyezi 8 kapena 9, ndipo pothyoledwa sizinunkhira konse. Ziyenera kufutsidwa: amaziviika m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, amazikulunga m'mabulangete kuti zichite thukuta, amaziyanika pa dzuwa maola angapo tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, kenaka pa mthunzi, ndipo potsiriza amazitsekera m'mabokosi kwa miyezi ina kuti fungo likhazikike. Maluwa pafupifupi 600 ndiwo amapereka makilogalamu 6 a zitheba zaziwisi, ndipo makilogalamu 6 amenewo akafutsidwa amatsala kilogalamu imodzi yokha. Kilogalamu imeneyo ndiyo imatchulidwa pa misika ya ku Paris, Hamburg ndi New York.

Tsono mtengo wa kilogalamu imeneyi wakhala ukuvina gule wosautsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 unatsika kufika pafupifupi pa madola 20 a ku America. M'mwezi wa Epulo 2000 namondwe wotchedwa Hudah anaononga tauni ya Antalaha ndi minda yozungulira, ndipo m'chaka cha 2002 mkangano wa ndale pakati pa Didier Ratsiraka ndi Marc Ravalomanana unaimitsa malonda m'dzikolo kwa miyezi ingapo. Pofika 2003 ndi 2004 mtengo unali utakwera kufika pa madola 500. Alimi a m'maiko ambiri anathamangira kubzala, makampani ogula anathawira ku fungo lopanga, ndipo m'chaka cha 2005 mtengo unagwa kufika pansi pa madola 50, nukhala pansi pomwepo kwa zaka zambiri. Alimi ena anataya minda. Kenaka m'chaka cha 2015 makampani akuluakulu a zakudya a ku America, monga nthambi ya Nestlé ya kumeneko, analengeza kuti achotsa zokometsera zopanga m'zakudya zao zina, pa nthawi imene vanila anali atayamba kale kuchepa. M'mwezi wa Marichi 2017 namondwe wina, Enawo, anagwera pakati pa Sambava ndi Antalaha. Amalawi amene anaona zimene Freddy anachita m'chaka cha 2023, atadutsa kale ku Madagascar komweko, safunika kuuzidwa kuti namondwe amasiya munda uli wotani. Mtengo wa vanila unafika pa madola 600 pa kilogalamu, kuposa mtengo wa siliva wa nthawi imeneyo.

Munthu wosaganiza mozama angayese kuti zaka zimenezo zinali za mtendere kwa mlimi. Ndalama zinalowa ndithu m'midzi ya ku SAVA, ndipo anthu anagula malata, njinga zamoto ndi magetsi a dzuwa. Koma eni ake anazitcha vola mafana, kutanthauza ndalama zotentha, zimene sizikhalitsa m'manja. Mbala zinayamba kuthyola zitheba usiku. Alimi ankagona m'minda atagwira zikwanje, ankaboola zizindikiro zao pa chitheba chirichonse ndi timisomali monga momwe mwini ng'ombe amazidindira, ndipo m'midzi ina anthu oganiziridwa kuba anaphedwa ndi gulu. Poopa akuba, ambiri anathyola zitheba zosakhwima, zimene fungo lake ndi lochepa. Ogula apakati ena anatsekera vanila wosauma m'mapulasitiki ochotsa mpweya kuti asapepuke podikira mtengo wokwera, ndipo potsegula ankapeza nkhungu. Motero pa nthawi imene vanila wa ku Madagascar anali wodula koposa ndi pamenenso anali woipa koposa, ndipo ogula a kunja sanaiwale zimenezi.

Pali chinthu china chimene wolemba malamulo a malonda sayenera kuchiiwala, ndicho mdani amene ali m'fakitale. Fungo lalikulu la vanila limachokera ku mankhwala otchedwa vanillin, amene m'chitheba chofutsidwa bwino amakhala pafupifupi magawo 2 mwa magawo 100 a kulemera kwake. M'chaka cha 1874 akatswiri awiri a ku Germany, Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann, anapeza njira yopangira mankhwalawa popanda chitheba, ndipo fakitale inatsegulidwa ku Holzminden. Lero vanillin wochuluka amapangidwa kuchokera ku zotsalira za mafuta a pansi, ndipo wina amapangidwa kuchokera ku mitengo ya nkhalango ndi kampani ya Borregaard ku Norway. M'zaka zambiri mtengo wake wakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa kilogalamu, pamene kuti munthu apeze kilogalamu ya vanillin kuchokera ku zitheba ayenera kukhala ndi makilogalamu pafupifupi 50 a vanila wouma. Inde, chitheba chenicheni chiri ndi mafungo ena ambirimbiri amene fakitale siingawatsanzire, ndipo n'chifukwa chake chikugulidwabe. Koma fungo la vanila limene anthu a pa dziko lapansi amadya m'mabisiketi, m'zakumwa ndi m'chokoleti, pafupifupi lonse ndi lopanga. Kabotolo kotsika mtengo kamene amai amathira mu keke ya ukwati nthawi zambiri sikanaonepo munda. Wogulitsa vanila akakweza mtengo mopyola muyeso, wogula ali ndi kothawira.

Tsopano nkhani ifike pa vanila wogaya. Pa mndandanda wa maiko ogulitsa kunja vanila wa mtundu umenewu pamaoneka maina monga France ndi Germany, maiko a chisanu kumene chomerachi sichingabereke pabwalo. Zoona, France ili ndi zilumba zake za Réunion ndi Tahiti zimene zimalima vanila, koma zokolola zake ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene makampani a ku France amagulitsa. Chimene chimachitika ndi ichi: zitheba zimachoka ku Sambava ziri zathunthu pa nambala yoyamba ija, zimafika ku Ulaya, zimasankhidwa, zimayesedwa, zimagayidwa, zimaikidwa m'timabotolo ta magalamu ochepa tokhala ndi dzina la kampani, ndipo zimatulukanso pa nambala yachiwiri ngati katundu wa dziko logayalo. Ntchito ya zaka 3 yodikira duwa, ya miyezi 9 yolondera munda ndi ya miyezi ina yofutsa inachitika ku Africa. Ntchito ya chigayo imatha maola ochepa. Komabe wogaya ndi wolongedza ndiye amaika dzina lake pa botolo, ndiye amadziwana ndi mwini sitolo, ndipo ndiye amatchula mtengo wotsiriza. Mtengo wa ku munda ukagwa, wa pa botolo umatsika pang'onopang'ono ngati nkhono, ndipo kusiyana kwake kumatsala m'thumba la wogaya.

Koma wogwira ntchito m'boma amene angatenge mabuku a kasitomu nagawa ndalama zonse ndi makilogalamu onse kuti apeze mtengo wa vanila wogaya, adzasokera ndithu akapanda kuchenjera. Ufa wa vanila si wa mtundu umodzi. Pali ufa wa zitheba zathunthu zouma bwino zimene fungo lake lonse likadali momwemo, ndipo umenewu ndi wodula. Palinso ufa wa zitheba zimene zinafinyidwa kale. Makampani ambiri, makamaka a ku America, amagula vanila kuti amuviike mu mowa waukali ndi madzi ndi kutulutsa madzi onunkhira ogulitsa. Malamulo a dzikolo amafuna kuti pa lita imodzi ya madzi otere palowe magalamu pafupifupi 100 a zitheba, ndi kuti mowa usachepere magawo 35 mwa magawo 100. Zotsalira zake, zimene ziri ngati masese a mowa, siziponyedwa kudzala. Amaziumitsa, nazigaya, nazigulitsa motsika mtengo kwa opanga ayisikilimu ndi yogati, kuti mukhale timadontho takuda tija timene timapangitsa wodya kukhulupirira kuti akudya vanila weniweni. Nambala ya kasitomu siifunsa kuti mu ufamo mwatsala fungo lochuluka bwanji, kotero kuti ufa wabwino ndi masese zingathe kugona pa mzere umodzi. N'chifukwa chake si chachilendo kupeza kuti m'chaka china mtengo wa vanila wogaya wochoka ku dziko lina ukuoneka wotsika kuposa wa zitheba zathunthu, ngati kuti chigayo chimachotsa mtengo m'malo moonjezera. Kumasitolo nakonso dzina limanyenga, pakuti malamulo a ku America amalola kuti ufa wosakaniza ndi shuga kapena sitachi utchedwe ufa wa vanila.

Chinanso n'chakuti dziko logulitsa limalemba mtengo wa katundu ali pa doko lake, pamene dziko logula kawirikawiri limalemba mtengo ataonjezerapo ndalama za sitima kapena ndege ndi za inshuwalansi. Manambala awiriwa sangafanane, ndipo amene amafulumira kufuula kuti kusiyana konseko ndi umbava amangodzichititsa manyazi. Koma kusiyanako kukakula kopyola zimene ulendo ungadye, pamenepo ndiye mkulu wa za msonkho ayenera kutsegula maso.

Kodi tsono mankhwala ake ndi kungogula zigayo ndi kuziimika ku Antalaha? Iai, nkhaniyi si yapafupi chotero. Makampani a ku Madagascar ena amagaya kale vanila ndi kumutumiza kunja. Chimene chimalepheretsa ntchitoyi kukula si kusowa kwa makina koma kusowa kwa chikhulupiriro. Chitheba chathunthu wogula amachiona ndi maso: amaona utali wake, mtundu wake, mafuta ake, amachipinda pa chala nachinunkhiza. Ufa umabisa zonse. Mu ufa munthu wosakhulupirika angathe kusakaniza masese, zitheba zankhungu, vanillin wa m'fakitale, ngakhale njere za tonka zimene ziri ndi mankhwala a coumarin, amene boma la America linawaletsa m'zakudya m'chaka cha 1954. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula wa ku Hamburg amadziwa zimenezi, motero amakonda kugula chitheba n'kukagaya yekha. Dziko limene likufuna kugulitsa pa mzere wachiwiri liyenera kukhala ndi nyumba zoyesera katundu zimene chikalata chake chimavomerezedwa kunja popanda kufunsa kawiri. Sayansi ya lero imatha kusiyanitsa vanillin wa m'chitheba ndi wa m'fakitale poyesa mtundu wa kaboni amene ali m'kati mwake. Zipangizo zake ndi zodula, ndipo akatswiri ake amafuna zaka za maphunziro, koma apa ndi pamene ndalama za boma zingagwire ntchito yooneka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti maboma a ku Madagascar, m'malo mogwira ntchito yodekha imeneyi, kawiri konse anasankha njira yachidule yolamula mtengo. Dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1960, linakhazikitsa thumba lokhazikitsa mitengo ya vanila, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linapangana ndi Comoros ndi Réunion kuti azigulitsa mogwirizana. Poyamba njirayi inathandiza, pakuti boma linkagula vanila wotsala m'chaka cha zokolola zambiri ndi kumugulitsa m'chaka cha zokolola zochepa. Koma mu ulamuliro wa Ratsiraka, umene unayamba m'chaka cha 1975, thumbalo linasanduka ng'ombe yokamidwa. Msonkho wa vanila wotuluka unakwera mpaka kupyola magawo 80 mwa magawo 100, ndipo panali zaka zina pamene mlimi sankalandira ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa pa doko. Mtengo wa kunja unasungidwa pamwamba, pa madola pafupifupi 70, ndipo pansi pa mthunzi umenewo dziko la Indonesia linabzala minda yake nililanda ogula. Vanila wosagulidwa anadzaza nkhokwe za boma, ndipo pamapeto pake wochuluka anatenthedwa. Pakati pa zaka za m'ma 1990, mokakamizidwa ndi mabungwe obwereketsa ndalama a ku Washington, boma linasiya kulamula malondawa.

Anthu amene amapembedza msika ngati mulungu sayenera kusangalala msanga pomva zimenezi. Akatswiri a za chuma amene anafufuza nkhaniyi patapita zaka 10 anapeza kuti gawo la mlimi linakwera ndithu, koma osati monga momwe olimbikitsa kusinthako ankayembekezera, chifukwa malo amene boma linasiya anatengedwa ndi amalonda ochepa okhala ndi ndalama zogulira ndi nyumba zofutsira. Mlimi amene alibe mpunga m'mwezi wa Febuluwale amabwereka ndalama kwa wogula wapakati, nalonjeza kubweza ndi zitheba zimene zikadali maluwa, pa mtengo umene wobwereketsayo watchula. Ameneyo ndi katapila basi, ngakhale atamuveka dzina lina. Ndiponso zitheba zaziwisi zimayamba kuonongeka patangopita masiku ochepa, kotero kuti mlimi wosadziwa kufutsa alibe mphamvu yokana mtengo umene wapatsidwa pa tsiku la msika.

Ulendo wachiwiri unachitika posachedwapa. Mtengo utayamba kutsika kuchoka pa madola 600 aja, boma la Andry Rajoelina, amene anali mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, linalamula m'chaka cha 2020 kuti vanila asatuluke m'dziko pa mtengo wochepera madola 250 pa kilogalamu. Linaikanso mtengo wa zitheba zaziwisi, linachepetsa chiwerengero cha makampani ololedwa kutumiza vanila kunja, ndipo linafuna kuti madola onse olembedwa pa pepala abwerere m'mabanki a m'dzikolo. Cholinga chake chinali chabwino, ndipo palibe munthu wokonda alimi amene angachinyoze. Koma lamulo la ku Antananarivo silimanga wogula wa ku New Jersey. Ogula ena anapita ku Uganda, dziko limene limakolola kawiri pa chaka, ena ku Papua New Guinea ndi ku Indonesia. Ena anavomera kulemba madola 250 pa pepala pamene ndalama zina zinkabwezedwa kwa iwo mwa njira zamseri, kotero kuti mabuku a kasitomu a zaka zimenezo sangakhulupiridwe monga umboni wa mtengo weniweni. Amalonda oona mtima anatsala ndi katundu m'nyumba. Ndipo popeza wotumiza kunja sanali kugulitsa, wogula wapakati sanali kugula, ndipo mlimi anatsala ndi zitheba zaziwisi m'dengu, nazigulitsa pa mtengo wotsika kwambiri kuposa umene boma linalengeza pa wailesi. M'mwezi wa Epulo 2023 boma linachotsa lamulolo. Vanila amene anaunjikana kwa zaka zitatu anatuluka nthawi imodzi ngati madzi a damu logumuka, ndipo mtengo unagwa kufika pansi kwambiri pa madola 100. Aliyense angathe kuwerengera yekha: ngati kilogalamu youma ikugulidwa madola 50, ndiye kuti kilogalamu yaiwisi siingapyole kwambiri madola 8, asanachotsepo malipiro a wofutsa, a wonyamula, a wogula wapakati ndi phindu la wotumiza kunja.

Akuluakulu a m'maunduna amene chaka ndi chaka amalemba mitengo yoyambira ya fodya, thonje, soya ndi mbeu zina angachite bwino kuwerenga mbiri imeneyi mofatsa. Mtengo wolengezedwa umateteza mlimi pokhapokha ngati pali wina wokhala ndi ndalama m'manja amene ali wokonzeka kugula pa mtengowo ena onse akakana. Boma la Madagascar linalibe ndalama zotero m'chaka cha 2020, ndipo pamene linali ndi thumba lotero m'zaka za m'ma 1980 linalidya.

Izi sizitanthauza kuti boma lipinde manja. Pali ntchito zimene msika sungagwire, ndipo zina mwa izo Madagascar anazigwira bwino. Kulengeza tsiku lotsegulira msika wa zitheba zaziwisi m'dera lirilonse, ndi kulanga ogula zisanakhwime, ndi lamulo lanzeru limene Uganda nayenso amatsata, pakuti limateteza dzina la vanila wa dziko lonse. Kuletsa kutsekera vanila wosauma m'mapulasitiki ndi lamulo lanzerunso. Mseu wochokera ku Ambilobe kupita ku Vohémar, umene kwa zaka zambiri unkasanduka thope m'dzinja mpaka magalimoto kugona masiku panjira, unaikidwa phula ndi kutsegulidwa m'chaka cha 2022, ndipo umenewu unathandiza chigawo cha SAVA kuposa mtengo uliwonse wolembedwa m'gazeti ya boma. Zotsala ndi apolisi ndi makhoti amene mlimi angawakhulupirire kuti asathyole zitheba zanthete poopa mbala, ngongole za chiongola dzanja chochepa m'miyezi ya njala, ndi magulu a alimi okhala ndi nyumba zao zofutsira. Vanila wofutsidwa bwino amasungika kwa chaka kapena kuposerapo, motero gulu limene lafutsa lokha lingathe kunena kuti lidikira.

Ndipo maiko olima vanila ayenera kupita pamodzi ku misonkhano ya za malonda ndi mau amodzi pa nkhani ya dzina. Ngati kampani ithira masese a vanila mu ayisikilimu pamene fungo lake lachokera kwina, ilembe zimenezo poyera pa chikuto. Ngati ufa wagayidwa ku Ulaya kuchokera ku zitheba za ku Andapa, dzina la Madagascar lioneke. Ndipo mabungwe a kasitomu a maiko ogulitsa angathe, m'mabuku ao a m'dziko, kugawa nambala 0905.20 pawiri, ufa wa zitheba zathunthu pa mzere wake ndi ufa wofinyidwa pa mzere wake, pakuti dziko lirilonse liri ndi ufulu woonjezera manambala ake kumapeto kwa manambala 6 ogwirizana aja. Imeneyi ndi ntchito ya kalaliki ndi cholembera, yosafuna ngongole ya kunja.

Chaka cha 2025 chinaonetsanso kuti dziko lodalira wogula mmodzi limakhala pa minga. M'mwezi wa Epulo boma la Donald Trump linalengeza msonkho wa magawo 47 mwa magawo 100 pa katundu wochokera ku Madagascar, chifukwa chakuti dziko losaukali limagulitsa ku America vanila, zovala ndi miyala ya m'migodi yochuluka kuposa katundu amene limagula kumeneko. Msonkhowo unaimitsidwa kwa kanthawi, m'mwezi wa Ogasiti unaikidwa pa magawo 15, ndipo m'mwezi wa Novembala boma la America linauchotsa pa zakudya ndi zokometsera zambiri zimene sizimera m'dzikolo. Kwa miyezi yonseyo amalonda a ku Sambava ankathamangitsa katundu ku ndege osadziwa kuti akafika alipira zingati, ndipo mlimi wa kumudzi, amene sanamvepo dzina la lamulo limene linagwiritsidwa ntchito ku Washington, ndiye anauzidwa kuti mtengo watsikanso chifukwa zinthu sizikudziwika.

Mtengo ukakhala pansi zaka zingapo, alimi amaleka kukwatitsa maluwa onse, ena amasiya minda kuti ichite tchire, ena amabwerera ku mpunga wa m'mapiri. Zinachitika chotero pakati pa 2005 ndi 2013. Nkhokwe za makampani a ku America ndi ku Ulaya zimene zinadzazidwa motsika mtengo kuyambira m'chaka cha 2023 zidzatha, ndipo namondwe sadzaleka kugwa m'gombe la Antalaha. Tsinde limene lidzabzalidwe m'chaka chimene mtengo udzakwerenso lidzayamba kupereka maluwa patapita zaka 3, ndipo chitheba chake choyamba chouma chidzafika pa doko m'chaka chachinai kapena chachisanu, pa nthawi imene alimi a ku Uganda, Indonesia ndi Papua New Guinea nawonso adzakhala akukolola minda imene anabzala m'chaka chomwecho.